Mzere Ukachoka Papepala: Zojambula za Vekita ndi Nthaka ya m'Chigwa cha Shire

Ntchito zikuluzikulu zimene zikugwiridwa m'chigwa cha Shire masiku ano, kaya ndi ngalande ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, kaya ndi zipupa zotchinga madzi m'mphepete mwa mitsinje, kaya ndi mapu oonetsa midzi ya ku Nsanje imene ingamire mvula ikanyanya kumtunda, zimayamba zaumbidwa pa kompyuta khasu kapena katapila asanakhudze nthaka. Pa njira yochokera m'mutu mwa injiniya kukafika pa dothi pali mphambano imodzi imene sikambidwa kawirikawiri, ndipo ndi pamene chojambula chafulati, chokhala ndi mulitali ndi mulifupi mokha, chimalowetsedwa mu pulogalamu youmba zinthu za mbali zitatu, imene imafuna kudziwanso msinkhu kapena kuya kwa chinthu chilichonse. Woonera patali angayese kuti ntchitoyi ndi yongodina batani ndi kusankha fayilo, ndipo n'zoona kuti imatha m'kanthawi kochepa, koma chojambulacho sichiwoloka ndi zonse zimene wochijambula ankadziwa, ndipo zimene zimatsala m'mbuyo ndi zomwe zimalamula kumene madzi adzalowere.

Kompyuta imasunga chithunzi m'njira ziwiri. Yoyamba, imene akatswiri amaitcha rasita, imagawa chithunzi m'timadontho tambirimbiri, kalikonse ndi mtundu wake, monga chimakhalira chithunzi chojambulidwa pa foni chimene chimayamba kuoneka mwachimbuuzi munthu akachikuza kwambiri. Yachiwiri ndi vekita, ndipo m'menemo simusungidwa timadontho koma malangizo a masamu onena kuti mzere uyambire pa mfundo yakuti, upindike motere, ukathere pa mfundo yakuti, kotero kuti chojambula chikhoza kukuzidwa mpaka kudzaza khoma la sukulu popanda mzere ndi umodzi womwe kusokonekera. Masamu a mizere yopindikayi anakhwimira m'mafakitale a galimoto a ku France, kumene Paul de Casteljau wa ku Citroën mu 1959, ndi Pierre Bézier wa ku Renault m'zaka zotsatira, aliyense payekha anapeza njira yofotokozera kupindika kwa thupi la galimoto ndi mfundo zochepa chabe. Pulogalamu ya mbali zitatu imalandira vekita mosavuta chifukwa mfundo iliyonse imabwera ndi manambala awiri osonyeza pamene ili, ndipo chosowa ndi nambala yachitatu yokha.

Mafayilo a vekita ali amitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse umanyamula nzeru za ntchito imene unapangidwira. SVG, imene bungwe la W3C linaikhazikitsa mu 2001, inapangidwira masamba a pa intaneti, choncho imadziwa bwino mitundu, kunenepa kwa mzere ndi kukula kwa tsamba, koma za dziko lapansi siidziwako kanthu. DXF inabwera ndi pulogalamu ya AutoCAD ya kampani ya Autodesk mu 1982, ndipo imasunga chojambula m'magawo osanjikizana otchedwa maleya, lina la misewu, lina la ngalande, lina la malembo, komanso ikhoza kusunga msinkhu ngati wojambula anaulowetsamo. Shapefile ya kampani ya Esri, yomwe oyeza malo ndi opanga mapu amaidalira kwambiri, si fayilo imodzi koma kagulu ka mafayilo oyenera kuyendera limodzi, ndipo kamodzi kakang'ono mwa iwo, kothera ndi malembo akuti prj, ndi kamene kamanena dongosolo limene manambala onsewo anawerengedwera. Kafayilo kameneka ndi kosavuta kukaiwala munthu akamakopera ntchito pa fulashi kapena kutumiza pa WhatsApp, ndipo kakasowa mizere yonse imafika ndithu, koma popanda chonena kuti ndi ya ku Ngabu kapena ya pakati pa nyanja yamchere.

Choyamba kutayika pa kuwolokaku ndi muyeso. Nambala 30 yolembedwa mu fayilo siinena yokha ngati ndi mamilimita, mamita kapena mafiti a m'mapu akale a nthawi ya atsamunda, ndipo pulogalamu yolandira ikasankha molakwika, mlatho umatuluka wochepa ngati chidole kapena wotalika kuposa boma lonse la Chikwawa. Kulakwitsa kotere n'kwabwinoko chifukwa kumaonekeratu. Koopsa ndi kwakung'ono. Pulogalamu yaulere yojambulira vekita ya Inkscape inkawerenga timadontho 90 pa inchi imodzi mpaka pamene inasintha n'kuyamba kuwerenga 96 mu 2017, ndipo fayilo yakale ikatsegulidwa popanda kulabadira zimenezi, chilichonse chimasiyana ndi muyeso wake weniweni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 15, ndiye kuti kalavati ya mamita atatu imaphonya ndi masentimita pafupifupi 20, kusiyana kumene diso silingakugwire pa sikirini koma mmisiri woumba simenti adzakumana nako. Palinso zovuta zina zing'onozing'ono, monga mizere yooneka ngati yakumana pomwe pali kampata kosaoneka, zimene zimalepheretsa pulogalamu kutseka khoma ndi kulikweza m'mwamba, koma izi n'zotopetsa chabe ndipo aliyense wa pa ntchitoyi amaphunzira msanga kuzikonza.

Nkhani ya malo ndi yolemera kuposa pamenepa. Mapu ambiri akale a Malawi, amene nthambi ya boma yoyeza malo inasindikiza ndipo akugwirabe ntchito m'maofesi, anajambulidwa pa dongosolo lotchedwa Arc 1950, pomwe zipangizo za GPS ndi zithunzi za masetilaiti zimatsata dongosolo la WGS 84. Madongosolo awiriwa ndi njira ziwiri zoganizira maonekedwe a dziko lapansi ndi pamene pali pakati pake, ndipo manambala ofanana ndendende akawerengedwa m'madongosolo onse awiri amaloza malo awiri otalikirana ndi mamita oposa 100. Pulogalamu youmba zinthu, imene inapangidwira ojambula mafilimu kapena okonza mapulani a nyumba, siifunsa n'komwe za dongosolo limene fayilo inatsata. Imalandira mzere wa ngalande wochokera mu fayilo ina, malire a minda ochokera mu fayilo inanso, n'kuzisanjika pamodzi mooneka bwino. M'chigwa chimene malire a minda ya makolo akulembedwa m'kaundula motsatira lamulo la malo a makolo la 2016, ndipo mabanja akuphatikiza minda yawo kuti alime mothirira m'magulu, kusuntha kwa mamita 100 kungaike munda wa banja lina mkati mwa ngalande ndi kupatsa banja lina chipukuta misozi chimene sichinali chake. Mlandu wotere ukafika pa bwalo la mfumu, palibe amene angaganize zoti unayambira pa bokosi limene munthu sanalichonge pa kompyuta.

Pali vuto lina lobisika kwambiri, lomwe limachokera m'kati mwa makina enieniwo, ndipo ndi loyenera kulifotokoza pang'onopang'ono. Dongosolo la UTM, limene oyeza malo amagwiritsa ntchito posintha dziko lozungulira kuti likhale lafulati, limagawa dziko m'zigawo, ndipo chigwa cha Shire chili m'chigawo 36 cha kummwera. Pofuna kupewa manambala otsika kuposa ziro, dongosololi limapatsa mzere wa pakati pa dziko nambala 10,000,000 ndipo limachotsera mita iliyonse imene munthu wayenda kulowera kummwera, moti malo a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amakhala ndi nambala yopitirira 8,000,000. Mapulogalamu a mainjiniya amasunga manambala aakulu chonchi popanda vuto, koma Blender, pulogalamu yaulere youmba zinthu za mbali zitatu imene yakhala yotseguka kwa aliyense kuyambira 2002 ndipo achinyamata ambiri amayambira pomwepo chifukwa siilira ndalama, imasunga malo a mfundo iliyonse m'kabokosi kokwana madijiti odalirika pafupifupi asanu ndi awiri okha. Madijiti onsewo akathera pa mamiliyoni, masentimita amasowa pokhala, ndipo pa manambala a kukula kotere pulogalamuyo imangotha kusiyanitsa malo motalikirana ndi theka la mita. Zotsatira zake n'zakuti mzere wokhota bwino wa ngalande umasanduka wamanomano, ndipo chitseko cha madzi chosakwana theka la mita chikhoza kuphwatalala mbali zake ziwiri n'kugwera pa mfundo imodzi. Mankhwala ake ndi apafupi: wolowetsa amachotsera nambala imodzi yaikulu pa mfundo zonse kuti chojambula chikhale pafupi ndi ziro, n'kulemba nambala yochotsedwayo pamalo osungika kuti idzabwezeretsedwe ntchito ikatha. Koma ndi wodziwa yekha amene angachite zimenezi, chifukwa pulogalamuyo siichenjeza.

Msinkhu ndiye mutu weniweni wa nkhaniyi, pakuti ndiwo chifukwa chokhacho chotengera chojambula ku mbali zitatu. Pa mapu afulati msinkhu umaonetsedwa ndi mizere ya makontuwa, yolumikiza malo onse okwera mofanana, imene mlimi wa m'mapiri a Thyolo amaidziwa kale kudzera mwa akalozera a m'munda mwake. M'mafayilo ambiri mizereyi imajambulidwa yonse pa msinkhu wa ziro, ndipo nambala ya msinkhu wake imalembedwa pambali ngati malembo wamba oti munthu awerenge, kotero kuti ikalowetsedwa mu pulogalamu ya mbali zitatu phiri ndi dambo zimagona pa mphasa imodzi mpaka munthu atanyamula mzere uliwonse n'kuupatsa msinkhu wake. Zikatero pulogalamu imalumikiza mfundozo ndi timakona atatu tambirimbiri n'kupanga ukonde, ndipo ukonde umenewu ndiwo umaimira nkhope ya nthaka. Chofunika kukumbukira n'chakuti pakati pa mzere wina ndi unzake palibe amene anayezapo. Pulogalamu imangodzazapo malo otsetsereka mofanana chifukwa ilibe china choikapo.

Ku mapiri kungodzaza kotereku sikupweteka kwenikweni, chifukwa mizere imathithikana ndipo mpata wongoganizira ndi wochepa. Kumunsi kwa Shire zinthu n'zosiyana. Malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali m'boma la Nsanje, pamene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, pa mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuchokera ku Nchalo kudutsa dambo lalikulu la Elephant Marsh mpaka ku Marka nthaka imatsika mwapang'onopang'ono kwambiri, moti mizere iwiri ya makontuwa ikhoza kutalikirana makilomita. M'mpata umenewo ndi mmene muli kachitunda kamene mudzi unamangidwapo, khwawa lakale limene limauka mvula ikagwa, ndi chulu chimene mbuzi zimathawirapo, ndipo zonsezi ukonde umazisalaza ngati kulibe. Zoyeza za setilaiti sizithetsa vutoli kotheratu. Zodziwika kwambiri, za SRTM, zinatengedwa mu February 2000, zimapereka nambala imodzi pa malo a mamita 30 mbali zonse, ndipo zikhoza kuphonya msinkhu ndi mamita angapo, pomwe kusiyana kwa nyumba yomira ndi yopulumuka ku Makhanga nthawi zina sikukwana mita. Madroni, ndege zing'onozing'ono zouluka zopanda munthu, amayeza mwatsatanetsatane kwambiri, koma kamera yawo imaona pamwamba pa chomera osati pansi pake, ndiye kuti munda wa nzimbe zokhwima wa ku Nchalo kapena bango la m'dambo zimaoneka ngati chitunda. Ndiponso msinkhu umene GPS imapereka suwerengedwa kuchokera pa nyanja yamchere monga wa pa mapu, ndipo misinkhu iwiriyi ikasakanizidwa mu ukonde umodzi pamabadwa phompho limene kulibe pa nthaka.

Pulojekiti ya Shire Valley Transformation Programme, imene boma likuyendetsa ndi thandizo la World Bank, African Development Bank ndi ena, ikufuna kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mtima wake ndi ngalande yaikulu yotenga madzi pa damu la Kapichira, kudutsa m'nkhalango za Majete ndi Lengwe, kulowera cha ku Bangula. Madzi a m'ngalandeyi sakankhidwa ndi mapampu koma amayenda okha potsata kutsetsereka, ndipo ngalande zazikulu zotere zimatsika masentimita owerengeka pa kilomita, chifukwa ikatsetsereka kwambiri madzi amathamanga n'kufika msanga pansi minda yambiri n'kutsala kumtunda kwake, ikachepa kutsetsereka madzi amaima ndipo matope amadikha. Ntchito ya mtundu umenewu imapangidwa ndi mapulogalamu a mainjiniya monga Civil 3D, motsamira pa miyeso ya oyeza malo amene anayendadi pansi ndi zipangizo zawo, ndipo palibe chifukwa chokayikira luso limenelo. Chodetsa nkhawa chili ku ntchito zing'onozing'ono zozungulira ngalandeyi ndi zimene zidzabwere pambuyo pake: ngalande zogawira madzi m'minda, misewu ya m'sikimu, mapulani a malo osamukirako anthu, zimene zidzajambulidwa ndi anthu osiyanasiyana, m'zaka zosiyanasiyana, aliyense akulowetsa fayilo ya mnzake mu pulogalamu yake.

Chinthu chachinayi chimene mzere sunyamula ndi tsiku lake, ndipo ichi palibe batani lochikonza. Vekita siikalamba, mzere wojambulidwa zaka makumi atatu zapitazo umatuluka pa sikirini wakuthwa ngati wa dzulo, ndipo ukaumbidwa m'mbali zitatu n'kupakidwa mtundu wa madzi, palibe chosonyeza kuti mtsinjewo unasamuka. Mitsinje ya m'chigwachi siikhala pamodzi. Mu 1997 madzi anakokolola njira ya sitima ndi ya galimoto pa Chiromo, n'kudula Bangula ndi tsidya la kum'mawa. Mu January 2015, Ruo, amene amatsika ndi madzi a ku Mulanje ndipo m'chigawo chachikulu cha ulendo wake ndi malire a Malawi ndi Mozambique, anaswa gombe n'kudzipezera njira yatsopano m'dera la Makhanga kwa Mfumu Mlolo. Mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa wadzaza mchenga wochokera kumtunda kumene mitengo inatha, moti pansi pake pakwera ndipo madzi amasefukira msanga. Namondwe wa Ana mu January 2022 anaononga damu la Kapichira n'kuimitsa makina a magetsi kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy mu March 2023 anabweretsanso matope ena. Pulogalamu yoyerekezera kusefukira kwa madzi monga HEC-RAS, imene inapangidwa ndi mainjiniya a asilikali a ku America ndipo imapezeka kwaulere, idzawerengera mokhulupirika mmene madzi angayendere mu mtsinje umene yapatsidwa, ngakhale mtsinjewo utakhala kuti unasiya kalekale kudutsa pamenepo.

Apa ndi pamene chithunzi cha mbali zitatu chimafunika kuchiopa pang'ono. Mapu afulati amavomera okha kuti ndi mapu, ndipo munthu wosazolowera amawayang'ana mokayikira. Chithunzi chozungulira pa sikirini, chokhala ndi mithunzi, mitengo ndi madzi okwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa mawindo a nyumba, chimaoneka ngati chinthu chimene chachitika kale, ndipo pa msonkhano wa mafumu, makhansala ndi akuluakulu a boma chimatha kutseka pakamwa munthu amene wakhala m'mudzimo moyo wake wonse. Mphamvu imeneyi ili ndi ubwino wake, pakuti imathandiza amene sanaphunzire kuwerenga makontuwa kumvetsa chifukwa chimene ngalande ikudzera apa osati apo. Koma kukongola kwa chithunzi kumachokera ku luso la wochipaka, pomwe kulondola kwake kumachokera ku miyeso imene inalowa poyamba, ndipo ziwirizi sizidalirana konse. Pa nkhani yovuta ngati ya anthu a kwa Mfumu Nyachikadza, amene boma lakhala likuwapempha kwa zaka zambiri kuti asamukire kumtunda ndipo ambiri akhala akukana chifukwa chakudya chawo chili m'nthaka yachonde ya m'madimba, chithunzi choumbidwa pa miyeso yosadziwika tsiku lake sichiyenera kukhala mboni yomaliza.

Amang'anja ndi Asena a m'chigwachi ali ndi miyeso yawoyawo ya msinkhu, ngakhale siilembedwa m'mamita. Amasiyanitsa mphala, munda wa kumtunda wodalira mvula, ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje lolimidwa madzi akaphwa. Amadziwa pamene dothi lakuda la makande limayambira, limene limang'ambika m'chilimwe n'kusunga madzi m'dzinja. Ndipo m'midzi yambiri muli anthu amene angaloze pa khoma la tchalitchi kapena pa thunthu la mlambe pamene madzi a 2015 analekezera. Chizindikiro chilichonse chotere chikayezedwa bwino chimasanduka mfundo ya manambala atatu yokhala ndi tsiku lake, ndipo mfundo zoterozo ndi zimene zingayese ngati ukonde wa pa kompyuta ukunena zoona. Njira yolowetsera nzeru za m'midzi mu vekita inayesedwa kale m'chigwachi: mu 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team, mogwirizana ndi nthambi za boma zoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi zoyeza malo, linaphunzitsa ophunzira ndi ogwira ntchito za boma kujambula midzi, misewu, zitsime ndi sukulu za ku Chikwawa ndi Nsanje pa mapu otseguka kwa aliyense. Mizere imeneyo ndi yafulati, koma ili ndi ubwino umene mafayilo ambiri alibe, woti mzere uliwonse umasunga dzina la woujambula ndi tsiku limene unasinthidwa komaliza.

Anthu odziwa ntchitoyi akuchuluka m'dziko muno. Sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu January 2020 ndi thandizo la UNICEF, ndipo mayunivesite a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre akutulutsa mainjiniya ndi oyeza malo amene mapulogalamu a QGIS ndi AutoCAD ndi zida zawo za tsiku ndi tsiku. Chimene chingawavute si luso koma zimene adzapeze m'makabati. Mwambo wofala pa ntchito zomanga ndi woti pulojekiti ikatha, mwini ntchito amalandira mapulani osindikizidwa kapena a PDF, oyenera kusainidwa ndi kudindidwa, ndipo ngakhale PDF imatha kusunga mizere ya vekita, kawirikawiri imafika itataya msinkhu ndi dongosolo la malo, mizere yake yokhota itaduka m'tizidutswa, ndiponso muyeso wake utasanduka wa pepala osati wa nthaka. Injiniya wa ku khonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje amene adzafune kukonza chigawo cha ngalande chimene madzi agumula adzasowa mafayilo oyambirira a DXF kapena shapefile, oonetsa chimene chinamangidwadi osati chimene chinakonzedwa poyamba, olembedwa dongosolo la malo limene anatsata, chizindikiro cha simenti chimene misinkhu inawerengedwera, ndi mwezi umene oyeza malo anaponda pamenepo. Akadzapanda kuwapeza, adzayenera kutumanso anthu ndi zipangizo kukayeza chigawocho kuyambira pachiyambi, mwina m'nyengo imene msewu wopita kumeneko uli pansi pa madzi.